Botolo la Bambo Thawulo

Dzina loti Amayi Nsimbi analitengera kuhotela, kumene anasita nsalu za pathebulo mpaka mikono inadzaza zipsera. Amuna awo ankaperekera zakumwa kuhotela komweko, ndipo anthu ankawatchula Bambo Thawulo chifukwa kathawulo koyera sikankachoka pamkono wakumanzere. Ngakhale kunyumba, pothirira akazi awo tiyi, dzanja lina linkakhala kumbuyo, mutu uli wowerama pang'ono. Ulemu wake unali wotopetsa, koma amayiwo ankawakonda choncho.

Mwana anali mmodzi yekha, wamwamuna, wapakamwa. Bambo ake atamupezera malo kuhotela, iye anaseka chikhakhali. "Ine ndiziwerama pamaso pa anthu oledzera ngati inuyo? Bola njala!" Bambo Thawulo anangopinda kathawulo kawo. M'mawa mwake mwana anakwera basi osatsanzika.

Tsiku limene bamboyo ankapuma pantchito, mwini hotela anawapatsa botolo la vinyo woyera, uja wosatsekemera, wochokera kumunda wa mpesa wotchuka umene alendo ankautchula motsitsa mawu. Zaka zonse zija ankathirira ena vinyo ameneyu osalawako ndi dontho lomwe. Atafika kunyumba analiunika pawindo. Vinyoyo anali woyera mbee, kungoti wachikasu pang'ono ngati udzu wouma.

"Ili tidzatsegula mwana akadzabwera," anatero, n'kuligoneka pansi pa bedi, pasimenti pozizira. "Lizigona chonchi, mayi ake mwana. Osaliimika."

Chifukwa chake sananene, amayinso sanafunse. Mwana sanabwere, kunabwera matenda n'kuwatenga Bambo Thawulo. Pamaliro panalibe wodziwa kumene mwanayo anali.

Amayi Nsimbi atatsala okha, zinawapweteka kuona chinthu chaulemu chotere chili pakati pa nsapato ndi fumbi. Analipukuta, n'kuliimika m'kabati yagalasi pabalaza, pambali pa chithunzi cha malemuwo, pamene dzuwa lamasana linkafika bwinobwino. Akanadziwa bwanji kuti botolo likaima, chotsekera chake chimauma, mpweya n'kumalowa, vinyo n'kumathawa? Iwo ntchito yawo inali ya nsalu.

Tsiku lina akupukuta galasi la kabati, dzanja linaima. Vinyo uja ankafika m'khosi mwa botolo, koma tsopano anali atatsika, chonsecho chotsekera palibe anachikhudza. Mtundu nawo unali utayamba kufiira. Anayang'ana chithunzi, chithunzi chinawayang'ana.

"Bambo ake mwana, mwayamba kumwa nokha?" anafunsa motsitsa. "Paja munati tidikire."

Kuyambira pamenepo mtendere unawachoka. Masana m'nyumba mukati zii, ankamva ngati tambula yagundana ndi inzake m'kabatimo. Ankathamangira kukaona, n'kupeza zonse zili m'malo mwake, koma vinyo akutsikabe pang'onopang'ono. Mumtima mwawo nkhani inali yosachita kufunsa: malemuwo atopa kudikira, ndipo akalimaliza botololo mwana asanafike, ndiye kuti chikhululukiro chatha. Ankachita mantha, ndipo nthawi zina ankakwiya ndithu. Munthu amene sanaledzerepo ali moyo, akayambire kumanda?

Analeka kunyada. Anapita kwa mlamu wawo wogwira ntchito pa mabasi a maulendo ataliatali. "Alamu, kulikonse mungamumve mwana wanga uja, kamuuzeni kuti bambo ake akumaliza botolo." Mlamuyo anaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera, koma uthenga anaunyamula, n'kumausiya paliponse.

Vinyo anali atatsika kupitirira mapewa a botolo pamene munthu anagogoda Loweruka lina masana. Pakhomo panaima bambo wa imvi m'mbali mwa makutu, nsapato zakuda zopolishidwa, maso ali pansi.

"Amayi."

Amayi Nsimbi sanalire. Anamugwira dzanja ngati angathawenso, n'kumukokera ku kabati. "Tsegula msanga. Taona mmene bambo ako amwera kale."

Mwanayo anayang'ana botolo lili chilili padzuwa. Analowa kukhitchini, n'kutuluka ndi matambula atatu, kansalu kopukutira mbale kali pamkono wakumanzere. M'thumba anatulutsa chotsegulira chake chomwe, chakutha chigwiriro. Anaonetsa amayi ake pepala la pabotolo, dzanja lina lili kumbuyo, mutu uli wowerama pang'ono.

Amayi Nsimbi anakhala pampando. "Iwe, zimenezi unaziphunzira kuti?"

"Ndi ntchito yanga, amayi. Kumene ndinapita sindinapeze ina. Ndikanabwera bwanji kudzawauza?"

Mbewa yamanyazi inafera kudzenje, amatero akuluakulu, koma apa amene anafa akudikira anali wina.

Chotsekera chinaphwanyika ngati chigumu chouma. Fungo linatuluka lowawasa, ndipo nkhope ya mwanayo inaonetseratu kuti vinyo anafa kalekale. Komabe anathira pang'ono m'tambula ya amayi ake, monga amachitira kuhotela kuti mlendo ayambe walawa, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kudikira.

"Ali bwino, mayi?" anafunsa, ndipo mawuwo sanali ake okha.

Amayi Nsimbi analawa. Anali wowawasa ngati viniga, mpaka misozi inalengeza. Anakankhira tambula yachitatu kumpando wopanda munthu, n'kukweza maso kwa amene anaima ndi kansalu pamkono.

"Ali bwino," anatero. "Thirani, bambo ake mwana."