Mlamu Wanga Anachapa Magazi

"Tambasulani mkono, atate."

Mlamu wanga, a Sakala, anaupinda.

"Mwandibaya kale pachala. Uku mukufunanso chiyani? Ine ndabwerera maso."

Amene anagwira jakisoni anali mtsikana wovala zoyera, mmodzi wa ana amene akuphunzira za maso pachipatala china muno m'Kabwe. Sanakwiye. Anangodikira. Ine ndinali pabenchi, chipewa pabondo. Anandituma ndi mlongo wanga, chifukwa mwamuna wakeyo ukamutuma yekha kuchipatala amakathera kusiteshoni.

A Sakala amayendetsa minibasi ya ku Makululu. Mwezi watha anagunda njinga ya makala dzuwa likuswa mtengo. Anati njingayo inatulukira mwadzidzidzi. Njingayo inali itaimikidwa, mwini wake akumwa munkoyo.

Ulendo woyamba mtsikanayu anawathira mankhwala m'maso, n'kuunika mkati ndi katochi. Anati waona timadontho ta magazi kumbuyo kwa diso. Anaitana mayi amene amawaphunzitsa, nawonso anaona zomwezo. Anawauza kuti abwerenso adzayezetse shuga.

Kulakwa kwawo kunali kumeneko. Anamupatsa nthawi yokonzekera.

Kusiteshoni kuli madokotala ambiri kuposa kuchipatala. Onse ali ndi makiyi m'thumba. Anamukhazika pansi mlamu wanga n'kumuphunzitsa kuchapa magazi. Tiyi wopanda shuga. Maheu ayi. Nsima kakang'ono. M'mawa kapu ya madzi a masamba a nimu, madzulo inanso. Munthu amene amathira shuga mpaka supuni kuima yokha anakhala mlungu wonse nkhope ili ngati wamwa palafini. Dzulo lake sanadye n'komwe.

Ndiye atamubaya pachala, kamakina kakang'ono kaja kanaonetsa nambala yabwinoko. Anandiyang'ana.

"Mwaona, alamu? Ndakhoza."

Kenako anatenga magazi a mumkono. Tinadikira. Mtsikana uja anabwera n'kukhala pafupi.

"Atate, kamakina kaja kamanena za lero basi. Uku tayeza za miyezi yapitayi. Shuga akachuluka amakanirira pa tizigawo tofiira ta m'magazi, ndipo sachoka msanga. Wanu wakhala wokwera kwa nthawi yaitali."

"Koma ndinasiya tiyi."

"Liti?"

A Sakala anayang'ana kudenga.

"Nanga bala lili pachala chakuphazicho layamba liti?" anafunsa mtsikanayo.

"Ndi nsapato."

"Nsapato inayambitsa. Chikulilepheretsa kupola ndi shuga. Asilikali a m'thupi, amene amalimbana ndi tizilombo, amafooka shuga akachuluka. Ndi shuga yemweyo akuboola timitsempha ta kumbuyo kwa diso."

"Iwe mwana, mumaphunzira maso kapena mapazi?"

"Diso silikhala palokha, atate. Magazi ake ndi omwewo."

"Ingondipatsani magalasi ndizipita. Basi ikundidikira."

Anakana. Anati magalasi a lero mawa sadzagwira, chifukwa shuga akamakwera n'kutsika, kaonedwe nako kamasintha. Anati ayambe chithandizo cha shuga, aonane ndi dokotala wamkulu wa maso msanga, ndipo asagwire chiwongolero mpaka dokotalayo atawaona. Mphunzitsi uja anabwera n'kubwereza zomwezo. Anawonjezera kuti akachedwa, maso akhoza kupita osabweranso.

Inu owerenga, musaseke kwambiri. Mlamu wanga sanayambitse yekha nzeruzi.

Mukudziwa zimene madalaivala ena amachita galimoto ikamapita kokayezedwa. Amabwereka matayala atsopano kwa mnzawo. Amabwereka galasi lam'mbali, nthawi zina ndi batire lomwe. Galimoto imakhoza. Madzulo matayala amabwerera kwa eni ake, ndipo m'mawa inu ndi ine timakwera pa matayala osalala ngati mutu wanga. Aliyense amadziwa. Palibe amadabwa.

Ndiye munthu amene wachita zimenezi moyo wake wonse, mukamuuza kuti akayezetse magazi, mukuganiza kuti achita chiyani? Afunafuna pobwereka matayala.

Ndipo si madalaivala okha. Ndaona azimayi a kumsika akutafuna adyo pakhomo la chipatala kuti kuthamanga kwa magazi kutsike namwino asanayeze. Ndaona mkulu wina wa kumpingo kwathu akuloweza zilembo za pakhoma zoyezera maso ali pamzere, milomo ikuyenda ngati akupemphera kolona. Atalowa anawerenga mpaka mzere wapansi. Potuluka anapunthwa pa sitepe.

Tikufuna kunamiza ndani?

Namwino akaweruka amapita kwawo ndi maso ake awiri. Makina amawazimitsa. Matendawo amene tawabisa bwino chonchi timabwerera nawo tokha kunyumba, ndi kugona nawo.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Poyamba nane ndinkadabwa kuti ana ophunzira za maso amawavutitsiranji ndi nkhani za magazi, impso ndi asilikali a m'thupi. Ndinkati apatseni zilembo za pakhoma ndi bokosi la magalasi, ntchito yatha. Tsopano ndaona chifukwa chake. Amawakonzekeretsa kukumana ndi anthu ngati ife. Akanakhala wodziwa magalasi okha, mlamu wanga akanatuluka atavala magalasi okongola, akuchita khungu mwaulemu.

Titatuluka, a Sakala anagula botolo la chakumwa chozizira pageti. Anamwa osapuma. Anati akubweza ngongole ya mlungu wonse.

"Alamu, kunyumba tikanene za kamakina kakang'ono kaja. Nakonso n'kachipatala. Sitikunama."

Ndinayamba kuyenda. Iye ananditsatira.

"Mlongo wanu akamva zinazi, akauza bwana mwini basi. Bwana akamva, basi apatsa wina. Ana adya chiyani? Mundidyetsera ndinu?"

Apa sananame. Ana alipo, ndipo nimu sadya. Tinayenda mpaka kusiteshoni ndikuganiza zimenezo.

Basi inali itatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala ankamenya chitseko, akukuwa, "Makululu, Makululu, wamodzi tiyende!" Mkati munali azimayi ndi madengu awo, wina ndi khanda kumsana, ndi ana a sukulu atapanikizana kumbuyo. Anzake aja anamuzungulira.

"Bwanji mudala, mwakhoza?"

"Ndakhoza! Nimu ndi dilu!"

Anawomba m'manja. Mlamu wanga anakwera, n'kuliza injini. Anatsegula chitseko chakutsogolo, natulutsa mutu.

"Alamu, kwerani kuno. Inu simulipira."

Ankalankhula ndi bambo wina wovala chipewa, amene anaima poteropo akudya chinangwa chootcha. Ine ndinali mbali inayi, pafupi moti ndikanamugwira phewa.

Bamboyo anayang'ana kumbuyo kwake, n'kudziloza pachifuwa.

Ndinalowetsa dzanja pawindo. Ndinazimitsa injini, ndinazula kiyi, ndinaika m'thumba la jekete.

"Alamu! Ah, alamu! Anthu adzaza awa!"

Kondakitala anatukwana m'Chibemba. Mayi wa khanda uja anafunsa chimene chachitika. A Sakala ankaitanabe.

Ndinavala chipewa bwino, n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera ku Chowa, kwa mlongo wanga.