Dzino Langa Lili pa Nyenyezi ya Mchira

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene nyenyezi ya mchira inatulukira kwathu ku Mkanda. Inkaoneka mbandakucha pamwamba pa chigafa cha fodya, yoyera ngati ufa wotayika panjira. Akuluakulu ankaiyang'ana chammbali, amati ikubweretsa maliro. Ine ndinkaikonda.

Sabata yomweyo dzino langa lakutsogolo linaguluka. Mwambo wake mukuudziwa: umaponya dzino padenga, n'kupempha khwangwala kuti atenge lakale akupatse latsopano. Koma ine ndinaganiza kuti khwangwala amadya zonyansa, mano ake angakhale otani? Ndinafuna dzino lowala. Ndinaliika mulegeni, n'kukoka mphira mpaka kukhutu, n'kulitumiza kunyenyezi.

Mlongo wanga Esinati anaona zonse. "Lagwera ku Zambia limenelo," anatero. "Khwangwala sanalandire kanthu. Udzakwatira ndi gweru lakolo."

Ndinasiya kuseka. Mmawa uliwonse ndinkaima mumame, lilime lili pagweru, maso kumwamba. Nyenyezi inkazilala pang'onopang'ono, osandiyankha. Tsiku lina amalume a Zefaniya, amene ankapalasa njinga kukagulitsa mtedza kumalire, anandipeza ndikulira.

"Mphwanga, ukatuma munthu kutali sumudikira uli chiimire," anatero. "Tenga khasu. Akafika udzamva."

Ndinatenga khasu. Nyenyezi inapita, mvula inagwa, ndinaiwala. Tikudya mondokwa ndinamva kanthu kakuluma chitsononkho. Dzino latsopano linali litamera, lopindika pang'ono. Ulendowo unali wautali, musalinyoze.

Chaka chatha mdzukulu wanga Tadala anandionetsa pafoni makina opanda dalaivala amene azungu anatumiza kunyenyezi yotereyi. Akuti anayenda zaka khumi, panjira n'kugona tulo, eni ake akudikira pansi pano. Atafika anatumiza zithunzi: miyala, fumbi ndi madzi oundana, malo achete ngati dambo m'chilimwe.

"Kulitsa pamenepo," ndinamuuza. "Kanthu koyerako."

"Ndi mwala, agogo."

"Iwe unapitako?"

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma anthu amenewo ndawamvetsa. Ndi ana a legeni ngati ine, kungoti mphira yawo ndi yaitali, ndipo anaphunzira zimene amalume anandiuza, kutuma kanthu kutali n'kubwerera kumunda. Lero m'kamwa mwanga mwatsala mano atatu. Esinati akuti khwangwala akubwezera. Ine sindidandaula. Mano ndatuma ambiri, ndipo khasu ndili nalo.