Sitima imayamba yabwerera m'mbuyo

Fungo la dizilo losakanikirana ndi la mango owola limandibweza ku Cuamba, kunyumba yathu ya kuseri kwa siteshoni, m'chilimwe chimene bambo anagula bokosi lachitsulo la apaulendo. Linali lobiriwira, ndipo analiika pakona pabalaza. Ankati apita ku Nacala kukagwira ntchito kudoko mvula isanagwe. Mayi sankafuna, inenso sindinkafuna, koma mwana wa kalasi yachitatu akanamufunsa ndani?

Nyengo imeneyo palibe ankakhazikika. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, malata ankathetheka ndi dzuwa, mayi ankasesa pabwalo posesasesa kale. Ine ndinkangozungulira bokosi lija ngati nkhuku yosowa poikira. Tsiku lililonse linkalemererako: lero bulangete, mawa nyemba, mkuja nsapato za ntchito.

Masana ena onse atachoka, ndinaganiza zokalibisa kuchipinda. Ndinalikankha ndi manja, silinasunthe. Ndinaponda khoma n'kulikankha ndi msana mpaka thukuta kulowa m'maso, koma linangoti nga, ngati lamera pasimenti. Kenako mwadzidzidzi linati khwee, n'kutsetsereka mopepuka moti ndinagwa chagada, ilo n'kukaswa mtsuko wa madzi akumwa. Bambo anandipeza ndikutola mapale. Sanandimenye ayi, anangoseka.

"Walisuntha wekha, Zione? Chovuta n'kuyamba basi, mwanawe. Chikangoyenda chimapepuka."

Ine ndinamvapo zanga. Ndinati ngati chinthu choima chimagwira pansi chonchi, ndiye bambo akhalitse pansi, nawonso agwire. Ndinayamba kuwathamangira ndi mpando asanaupemphe. Ndinkawapatsa madzi alibe ludzu, ndinkanamizira minga kuphazi kuti andizule, ndinkawafunsa mafunso opanda mutu. Ndipo zinkaoneka ngati zikutheka. Bambo anakhoma denga lomwe linkadontha chaka ndi chaka, anandigulira nsapato zapulasitiki zofiira, anayamba kundiperekeza kusukulu. Madzulo ankakhala pamkeka ndi mayi n'kumasenda nawo chinangwa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Ndinauza anzanga onse, modzitama ndithu, kuti bambo anga sapitanso.

Tsikulo linafikabe. M'mawa kunali kale kotentha, kumapiri kuli mitambo yosagwetsa kanthu. Pasiteshoni panali phokoso la ogulitsa nthochi ndi anyezi, ena akuitanira m'Chimakuwa, ena m'Chiyao. Anyamata awiri anakweza bokosi lija, bambo n'kukhala pawindo. Sitima, yomwe kwathuko tinkaitcha komboyo, inalira, ndipo ndinaona ndi maso angawa mabogi akusunthira kumbuyo.

"Amayi, komboyo ikubwerera! Ababa asintha maganizo!"

Ndinalumpha, ndinavina pamaso pa anthu. Mayi anandigwira padzanja mwamphamvu, osandiyang'ana. "Khala chete, iwe."

Ndiye kutsogolo kunamveka gu, kenako gu, gu, gu, phokoso likuyandikira bogi ndi bogi mpaka linafika pa ya bambo. Inagwedezeka n'kuyamba kuyenda. Ndinapulumuka m'manja mwa mayi n'kuthamanga m'mbali mwa njanji ndi nsapato zanga zofiira. Poyamba ndinkalingana ndi windo lawo, ndikumva akundikalipira kuti ndibwerere. Posakhalitsa sitima yonse ija, yolemera chomwecho, inkathamanga ngati yopanda katundu, ine ndatsala m'fumbi. Ndinalira mpaka mawu kutha.

Nditafika kusekondale, aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti zinthu ziwiri zogundana zikaima zimagwirana kwambiri kuposa pamene chimodzi chayamba kale kutsetsereka. Anati n'chifukwa chake injini imavutika kudzutsa mabogi onse nthawi imodzi. Imayamba yawakankhira kumbuyo kuti zolumikizira zikhwepe, kenako n'kumakoka imodziimodzi. Anzanga ankalemba, ine cholembera chili m'manja osachigwiritsa ntchito.

Bambo anakhazikika ku Nacala, anapezako banja lina. Sindiwasungira mkwiyo, koma zimandipwetekabe. Ndili mwana ndinkayesa kuti denga lija, nsapato zija ndi chinangwa chija zinali zizindikiro zoti bambo agwira pansi, mpando wanga wagwira ntchito. Lero ndimadziwa kuti iwonso kunyamuka kunkawalemera. Anasendera kufupi nafe kuti zolumikizira zikhwepe, ndipo ine ndinavina.