Msana wa Amayi m'Munda wa Mpunga

Ndikukumbukira tsiku limene aphunzitsi athu a Sitandade 5 anabwera ndi tsamba la kalendala yakale. Panali chithunzi chojambula pamanja cha ku Falansa, anthu akukolola tirigu atawerama. Anatiuza kuti ojambula akumeneko ankanyamula utoto n'kupita kumunda kwenikweniko, kukajambula anthu ali pa ntchito. Ndinadabwa kuona tirigu akufanana ndi mpunga wathu, komanso kuti azungu nawonso amawerama.

"Lolemba aliyense abwere ndi chithunzi cha kukolola," anatero. "Mujambule zimene maso anu aona. Chithunzi chabwino koposa ndichimata pakhoma."

Ine ndinali ndisanayamikiridwepo m'kalasi, chifukwa sindinkakweza dzanja. Khomalo ndinkalifuna kwambiri.

Loweruka ndinatenga pensulo ndi pepala kupita kumunda kwathu, kufupi ndi mtsinje wa Bua. Mpunga womweta kumene unkanunkhira, matope ouma ankabaya kumapazi. Nditawauza amayi, anaika zenga pansi n'kubwerera kunyumba. Anabwerako atasamba, atavala chitenje ndi mpango wa pa Idi, n'kuima njo, manja m'mbali.

"Jambula msanga, dzuwa likuwawa."

Ndinalibe mtima wowauza kuti aweramenso. Ndinawajambula ataima choncho, akuoneka ngati mzati. Atasintha zovala n'kuyambanso kumweta, ndinabisala kuseri kwa mulu wa mpunga n'kutembenuza pepala. Ndinavutika ndi msana wawo, chifukwa sunkakhala malo amodzi. Ndinafufuta mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

Madzulo amayi anachipeza chithunzi chakuseri chija.

"Asiyatu, wopanda nkhopeyu ndani?"

"Ndinuyo, amayi."

"Ukufuna sukulu yonse indione m'chitenje chong'ambika?"

Ndinangoyang'ana pansi, ndikudikira kuti aching'ambe. Iwo anachiyang'ana nthawi yaitali, akupendeka mutu.

"Kani msanawu umapindika chonchi. N'chifukwa chake umandiwawa." Anandibwezera. "Tenga, koma usanene kuti ndine."

Lolemba aphunzitsi anachimata pakhoma, n'kufunsa kuti mayiyo ndi ndani. Ndisanatsegule pakamwa, anzanga atatu anayamba kukangana, aliyense akuti ndi amayi ake.

Masiku ano kumunda komweko ana amajambula ndi foni, kamodzi n'kamodzi atha, chithunzi n'kupita kwa abale ku Dwangwa. N'zabwino ndithu. Koma sindikudziwa ngati alipo amene anakhalapo m'mawa wonse akungoyang'ana mmene amayi ake amagwirira ntchito.