Mpendero wa Agogo a Selemani

Ndikakumbukira agogo a Selemani, limandifikira fungo la simbi ya makala ikudutsa pansalu yonyowa, ndi kulira kwa makina awo pakhonde lathu ku Chia, kulira kosapumira ngati munthu wothamangitsidwa.

Anali telala. Zidutswa zotsala ankazilumikiza mpaka zinakhala chofunda chachikulu cha zigamba, chamanomano m'mbali zitatu ndi timphonje ta ulusi m'makona. Mbali yachinayi yokha inali ndi mpendero waukulu ngati chikhatho. Chofundacho sichinkayanikidwa panja. Nthawi ya chipani chimodzi, agogo anadula mwangozi nsalu ya chipani pakati penipeni pa nkhope ya mtsogoleri. Kutaya chidutswacho anaopa, kuwotcha anaopanso, ndiye anachipindira mkati mwa mpenderowo.

Matipate atabwera, azakhali anga a Asiyatu anapeza banja, ndipo agogo aakazi anati chofundacho chipachikidwe pakhonde, kumbuyo kwa akwati.

"Zinthu zinasintha, bambo a Asiyatu. Mukuopa ndani?"

"Zinasintha pawailesi," agogo aamuna anayankha. "A Bwanali akadali tsidya la msewu."

A Bwanaliwo ndi amene kale ankaimitsa anthu pamsika kufunsa makhadi a chipani, ndipo ku ukwatiko anaitanidwa.

Sabata yonse agogo sanakhazikike. Anasoka tizingwe topachikira, n'kutimasula. Anakhoma misomali, n'kuizula, n'kuikhomanso pafupi ndi chitseko, tiyi akuzizirira pamakina. Pomaliza anasankha kulowetsa nsungwi mumpendero muja kuti chofundacho chisalendewere pakati. Koma ulusi unali utakalamba. Pa tsiku la ukwati, anthu ali mbwee kudikira mpunga, mfundo ya nsungwi inadula ulusiwo, mpendero n'kumasuka. Panaoneka diso limodzi, theka la mphuno ndi zilembo zingapo.

Ine masiku amenewo ndinkawerenga chilichonse, ngakhale mapepala okulungira usipa. Ndinaimirira pamaso pa alendo n'kuyamba kutchula zilembozo mokweza, chimodzichimodzi, ndikudikira kuti wina andiyamikire. Palibe anatero. Agogo anangoti njo.

A Bwanali anadzuka pamkeka, nayandikira, nayang'ana disolo nthawi yaitali.

"A Selemani, tagwirani ukoko. Nsungwiyi yapendekeka." Atakweza mbali yawo, anawonjezera motsitsa mawu: "Nsalu yanga ya chipani akazi anga anaisandutsa matewera a mdzukulu. Musauze munthu."

Agogo sanaseke. Anakhala pansi pomwepo, ngati afika kuchokera ulendo wautali, n'kupempha madzi akumwa.

Lero ndine wamkulu, mabuku ndili nawo odzaza katoni, koma m'basi munthu akandifunsa maganizo anga pa za boma, ndimayamba ndacheuka kaye. Ana anga amandiseka. Ndimawasiya aseke, iwo sanakulire m'nyumba ya munthu woopa nsalu yake yomwe.