Ola Lachitatu la Filimu ya Amake Dona

Aliyense amene analukitsapo tsitsi kwa amake Dona amadziwa zinthu ziwiri: manja awo ndi achangu ngati makina, ndipo pakamwa pawo pamathamanga kuposa manjawo. Saluni yawo ndi kachipinda kamodzi kopanikizika pakati pa sitolo ya mafoni ndi kakhonde ka bambo wosoka nsapato. Muli mipando itatu, umodzi wochirikizidwa ndi njerwa, dilaya yolira ngati ndege yokana kunyamuka, galasi lalikulu kukhoma, ndi tivi yopachikidwa kumbuyo kwa makasitomala, poti soketi ili komweko.

Motero wolukidwa amaonera filimu m'galasi, ndipo timawu ta Chingerezi tolembedwa m'munsi timaoneka motembenuka. Palibe amadandaula, chifukwa amake Dona amamasulira. Chimwenye sachidziwa, Chingerezi anasiyana nacho kalekale mwamtendere, koma mukawamva akufotokoza mungati anthu a m'filimuwo anakulira nawo nyumba imodzi. Pomwe sakumvetsa amathirapo zawo, ndipo zawozo nthawi zambiri ndi zimene zimakoma.

Saluniyi inali ndi lamulo limodzi lokha: mutu watsopano ukakhala pampando, filimu iyambirenso. Amake Dona ankati si ulemu kuti munthu ayambire nkhani pakati ngati wobwera mochedwa kumaliro. Tsono taganizani. Mafilimu a Chimwenye amatha maola atatu, koma manja awo sanapitirirepo maola awiri pamutu wa munthu. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, m'chipinda chimenecho munalibe amene anaonapo mapeto a filimu ina iliyonse. Akamamanga chingwe chomaliza ankangoti, "Akwatirana basi, dzukani asisi," ndipo wotsatira ankakhala pampando.

Filimu imene inadzetsa nkhani inabwera pa fulashi ndi a Nesi, kasitomala wawo wakale amene amavala wigi yodula, yomwe amalumbira kuti ndi tsitsi lenileni la ku India. Inali nkhani ya mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno, limene mayi ake ankalidzoza mafuta m'mawa uliwonse. Ntchito inamusowa. Kenaka kunabwera bambo womwetulira, wa dzino lagolide, amene analonjeza kumufikitsa kunja kudzera njira zachidule, popanda mapepala. Ananyamuka pa lole, anadutsa m'nkhalango, anakwera boti. Maola awiri akamakwana, nyimbo inkaphulika, mtsikanayo n'kuoneka akuvina mumzinda wa magetsi okhaokha, atavala chikhoti chofiira. Pamenepo mpomwe amake Dona ankati, "Wafika, wapeza ntchito, dzukani asisi."

Filimuyi inakondedwa zedi. Kwa milungu itatu panalibenso wofuna ina.

"Mwaonatu," ankatero a Nesi, "kufika amafika ndi olimba mtima. Ife timangokalambira pompano ndi mantha athu."

"Ndi chisomo chimenecho," ankayankha Mayi Busa, amene amabwera Lachisanu lililonse kudzakonzetsa mutu wa Lamlungu.

Ngakhale wosoka nsapato uja, amene amaonera kwaulere pawindo nsapato ili m'manja, ankagwedeza mutu n'kumati akanakhala ndi mawondo akale akanapita.

Amene ankamva zonsezi osalankhulapo anali Dona. Dzinali analipeza ali wamng'ono chifukwa chokana kuponda pansi opanda nsapato. Tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo satifiketi yake ya ntchito za m'hotela inali itapachikidwa pamwamba pa galasi kwa zaka zinayi, ikudya fumbi ndi utsi wa dilaya. Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka kuloweza. Tsiku lina Lachiwiri, akuyanika matawulo, anangoti, "Amayi, Loweruka ndikunyamuka. Ankolo akuti malo atsala amodzi."

Ankolowo sanali malume a munthu aliyense, koma mumsewu wonse ankawatchula choncho. Ntchito yawo inali yopititsa anthu kunja. Ofesi analibe, ankapezeka pafoni.

Amake Dona anadandaula pang'ono, monga mayi, koma kunena zoona mtima wawo unali kale pa chikhoti chofiira chija. Mpaka anauza wosoka nsapato uja kuti chaka chamawa agula dilaya yosalira.

Lachitatu kunagwa mvula ya tsiku lonse. Kasitomala wa m'mawa atapita, sipanabwerenso wina, ndipo kwa nthawi yoyamba filimu inapitirira yokha, amake Dona akusesa tsitsi pansi. Nyimbo ija itatha, anatembenuka kuti azimitse. Tsache linawagwa m'manja.

Mtsikana uja anali akudzidzimuka kutulo. Mzinda wa magetsi, chikhoti, kuvina konse kuja, anali maloto. Anali atagona pasimenti m'chinyumba chosungiramo katundu, chokhoma ndi loko kunja, pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri.

Anaonera ola lonselo ataimirira. Itatha, anakhala pampando wa njerwa uja n'kumaganiza za mitu yonse imene anaiuza kuti "wafika."

Madzulo anamufotokozera Dona zonse. Dona anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amayi, mwayambanso kupeka? Si inu munatiuza kuti wapolisi wa m'filimu ina ija ndi bambo ake a mwana, pomwe anali wongodutsa?"

"Iwe, izi ndaona ndi maso anga."

"Mukungofuna kundiopseza. Ine filimu imeneyo ndaionera kakhumi."

"Waonera theka kakhumi. Tiye ukaone."

"Ndilibe nthawi, ndikulongedza."

Apa mpomwe amake Dona anazindikira kuipa kwa mbiri yabwino yothira mchere m'nkhani: tsiku lonena zoona, palibe wokukhulupirira. Lachinayi lonse analuka osamasulira, makasitomala mpaka kufunsana ngati akudwala. Sanali kudwala. Ankawerengera. Mwana wamkulu sungamumange chingwe. Koma pa ntchito yawo anaphunzira chinthu chimodzi: munthu amene wamugwira tsitsi sapita kulikonse.

Lachisanu m'mawa anati, "Mwanawe, ngati ukupitadi, sungapite ndi mutu umenewo. Anthu akaseka ine. Khala apa ndikuluke ting'onoting'ono toti tikakhale miyezi itatu."

Dona ndi Dona basi. Pa nkhani ya kuoneka bwino sakana. Anakhala.

Amake anayatsa filimu, rimoti n'kuilowetsa m'kamisolo, kumene ngakhale boma silingafike. Kenaka anayamba ntchito yovuta kuposa zonse zimene anagwirapo: kuluka pang'onopang'ono. Zala zinkafuna kuthamanga zokha. Ankaluka chingwe, kuchiyang'ana, kunena kuti chakhota, kuchimasula.

"Amayi, lero manja atani?"

"Nyamakazi. Wongola khosi."

Mayi Busa anafika pa nthawi yawo n'kukhala kudikira. A Nesi anatulukira akuchokera kuntchito. Wosoka nsapato anatenga malo ake pawindo. Filimu itafika pomwe bambo wa dzino lagolide amatolera mafoni ndi ziphaso za onse m'thumba, akuti awasungire, anthu anaseka monga mwa masiku onse, poti pamenepo pali nkhalamba ina imene imabisa foni yake m'sokosi. Dona yekha sanaseke. Amake anamva khosi lake likuuma m'manja mwawo.

Patatsala pang'ono kuti nyimbo iyambe, kunalowa mayi wina wachilendo, wa chikwama chonyezimira, mtundu wa kasitomala amene saluni imamulota.

"Ndamva kuti pano mumayambitsanso filimu munthu akafika," anatero akukhala.

"Lero ayi, mayi."

"Ndiye ndionere pakati?"

"Muonera kumapeto. Ndi kumene kuli nkhani."

Mayiyo ananyamula chikwama chake n'kupita ku saluni ya kutsidya kwa msewu. Amake Dona anamuyang'ana m'galasi mpaka analowa, mtima ukuwawa ngati wauponda, koma rimoti sinatuluke.

Nyimbo inayamba. A Nesi anaomba m'manja. Nyimbo inatha. Mtsikana anadzidzimuka pasimenti.

"Aa! Imeneyi ndi ina?" anafunsa a Nesi.

"Ndi yanu yomweyo," anatero amake Dona. "Ndipo lero sindimasulira. Aliyense aone yekha."

Bambo wa dzino lagolide sankamwetuliranso. Mtsikana anagwada kupempha foni yake kuti angomva mawu a mayi ake, iye n'kumukankha ndi phazi. Kenaka kunabwera munthu ndi lumo ndi sikelo. Anamugwira, n'kulidula tsitsi lija pafupi ndi khungu, kulimanga mtolo, kuliyeza ngati nyama. Dona anafuna kuweramitsa mutu. Zala za amake zinauwongola mofatsa, monga zimachitira ndi wina aliyense.

Kunjako mtsikanayo anafikadi. Anamuika m'chipinda cha pansi pa nthaka chochapiramo zovala, momwe sankatuluka poopa kugwidwa. Mzinda wa magetsi uja ankauonera pa kawindo kakang'ono kapamwamba, ndipo zimene ankaona zinali nsapato za anthu odutsa. Chithunzi chomaliza chinali cha mayi ake kwawo, atakhala pakhomo m'mawa, botolo la mafuta ndi chipeso zili pamiyendo.

Woyamba kulankhula anali wosoka nsapato. "Ine ndinaona kale kuti sizitha bwino. Munthu ungalowe m'nkhalango ndi timasilipasi timene tija?"

"Munaona liti, bambo inu?" anatero a Nesi. "Si inu munkadandaula mawondo?"

"Vuto sanapemphere ponyamuka," anatero Mayi Busa.

"Anapemphera, mayi, mpaka kuyatsa timakandulo."

"Chabwino, koma sanasale."

A Nesi anati opanga filimuyo ndi ankhanza, munthu sungamuvinitse chotero kenaka n'kumumeta. Akulankhula anakweza dzanja kuti akonze wigi yawo, ndipo wosoka nsapato anati, "Asisi, kodi lanulo munati ndi lochokera kuti?"

Dzanja la a Nesi linaima m'malere. Mayi Busa anayesa kudziletsa, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno.

"Langa ndi la pulasitiki," anatero a Nesi mofulumira. Zaka zitatu za kulumbira zinathera pomwepo.

Onse anaseka kupatula awiri. Dona anadziyang'ana m'galasi. Mbali ya kumanja inali italukidwa bwino kwambiri, ya kumanzere ili nyankhalala ngati chisa.

"Mwachita dala, amayi."

"Eya, ndachita dala."

"Ndi filimu chabe imeneyi. Alipo amene amafika."

"Alipo. Ine ndangofuna kuti uone yonse. Ndakhala ndikuuza anthu mapeto amene sindinawaone, ndipo iwe unali pomwepo ukumva. Tsopano wawaona. Ukafuna kupita, khala ndimalize, mphindi makumi anayi zokha."

"Ndiye ndizikhala pano mpaka liti? Ndizichapa matawulo mpaka imvi?"

Kwa nthawi yoyamba, amake sanapeke yankho. Dona anavula tawulo, anamanga duku, natuluka.

"Apita ndi duku lomwelo," ananong'ona a Nesi.

"Khalani apa, Mayi Busa," anatero amake Dona.

Loweruka anatsegula saluni msanga kuposa masiku onse. Dona anali atatuluka m'nyumba mbandakucha ndi chikwama chake, osatsanzika. Galimoto ya Ankolo inkayenera kunyamuka seveni koloko, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Amake Dona anasesa pansi posesa kale. Anapukuta galasi. Anatsitsa satifiketi ija, kuipukuta, kuibwezera. Seveni inakwana. Eyiti inakwana. Wosoka nsapato anasuzumira pawindo, ndipo ataona nkhope yawo anangoumeza moni wake.

Chitseko chinatseguka cha m'ma hafu pasiti eyiti. Dona anaponya chikwama pakona, anakhala pampando, n'kumasula duku.

"Malizani."

Amake anatenga chipeso. Anagawa tsitsi mzere woyamba asanafunse. "Galimoto yachedwa?"

"Yapita," anatero Dona. "Ankolo atafika anatulutsa thumba. Akuti aliyense aponyemo foni ndi chiphaso, atisungire. Ndinawafunsa kuti tikafuna kuimbira kunyumba tidzatani. Anati ndimafunsa kwambiri, malo anga alipo ambiri owafuna."

"Anali akumwetulira?"

"Mpaka nditafunsa."

Zala za amake zinayamba kuthamanga, ndipo ulendo uno sanaziletse.

"Musasangalale kwambiri," anatero Dona, akuwayang'ana m'galasi. "Kupita ndidzapita. Lolemba ndikukayamba za pasipoti, ndipo hotela iliyonse ya kunja imene ili ndi adiresi ilandira kalata yanga. Ndidzatulukira pakhomo, foni yanga ili m'manja."

"Ndidzakuperekeza ndine, ndi mutu watsopano. Wongola khosi."

Anamaliza m'mphindi makumi atatu ndi zisanu.

Lamulo lija linafa tsiku lomwelo. Masiku ano mukalowa m'saluni ya amake Dona, filimu mumaipeza pomwe yafika, ndipo mukadandaula amakuuzani kuti mubwerenso mawa mudzaone poyambira. Makasitomala atulukira zambiri. Ena amene tinkati anakwatirana, kani anafa. Wapolisi uja analidi wongodutsa. A Nesi akuti mafilimu ankakoma kale, asanayambe kukhala ndi mapeto, ndipo pano amabwera ndi tsitsi lawolawo, limene, kunena mosakondera, likufunika thandizo.