Pini ya Aroma a ku Chipata

Dzulo pini inandibaya chala ndikumangira mdzukulu wanga diresi, ndipo pomwepo ndinakumbukira jekete langa lofiira la ku Greenbelt, tauni ya kutsidya kwa nyanja kumene ndinakulira.

Batani litathothoka m'nyengo yozizira, amayi anamangapo pini. Anzanga kusukulu anandiseka kuti ndavala pini ya thewera, ine n'kulumbira kuti bola kufa ndi mphepo.

Loweruka abambo ananditengera kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Washington. M'kabati yagalasi munali mapini okhota msana, obiriwira ndi ukalamba.

"Awa anasula ndi Aroma," anatero abambo. "Ankawotcha mkuwa, kuumenya ndi nyundo mpaka utalike ngati waya, n'kuupiringiza kuti uzibwerera wokha ukautsina. Akuluakulu ankavala paphewa, poyera, anthu aone."

Aroma amene ndinkawadziwa ine anali a mpingo wa anti Tembo, anansi athu ochokera ku Chipata, oyenda ndi kolona m'chikwama. Madzulo ndinakagogoda kwawo.

"Anti, inu ndinu a Aroma. Mundisulireko pini."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kenaka anachotsa pini pajekete langa, n'kuitunga timikanda tabuluu ndi toyera.

"Nayi, mwana wanga. Umu ndimo tisulira ife Aroma a ku Chipata."

Lolemba ndinaivala paphewa, poyera. Jekete linali pululu, mano akugwedezeka, koma aliyense woyandikira ndinkamuuza kuti anasula ndi Mroma weniweni.

Ndakula, mbiri ya Aroma ndaiwerenga, koma mpaka lero sindinaone pamene ndinanama.